Kuika wayilesi yatsopano m'galimoto yakale osawotcha mawaya

Galimoto zambiri zimene zadzaza m'misewu ya Chipata, ma Corolla ndi ma Sprinter a matakisi, ma Spacio, ma Hiace othamangira ku Katete ndi ku Lundazi, zinafika kuno zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo zinabwera ndi mawayilesi a komweko. Mawayilesi amenewo anapangidwa kuti azikoka FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz. Kuno ku Zambia, ngakhalenso kutsidya kwa Mwami ku Malawi, masiteshoni amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye pamene ziwirizi zimakumana ndi kachigawo kochepa chabe, 87.5 mpaka 90. Siteshoni iliyonse imene ili pamwamba pa 90 simungaimve ngakhale mutaimika galimoto patsinde pa mlongoti wake.

Pali kabokosi kena kamene amagulitsa m'mashopu a masipeya, amati band expander. Kamalowa pakati pa waya wa eriyo ndi wayilesi, n'kumatsitsa masiteshoni athu kuti akwane m'malire a ku Japan. Kamagwira ndithu, koma nambala yooneka pa wayilesi imakhala ina, siteshoni imene mukumva n'kukhalanso ina, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amagundana malo amodzi. Komanso wayilesi ya kaseti payokha siingakuimbireni nyimbo za m'foni. N'chifukwa chake ambiri amangoti yakaleyo ichoke.

Ntchitoyi munthu angaigwire yekha pakhomo masana amodzi. Kumasula ndi kumanga masikuluwu sikuvuta. Pamene anthu amawotchera wayilesi yongogula kumene ndi pa mawaya, chifukwa chokhulupirira mtundu wa waya: wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, wachikasu kwa wachikasu. Pa Toyota mukatero ndiye kuti mwaitana utsi.

Musanatulutse ndalama

Yambani ndi batire. Galimoto zing'onozing'ono zonse ndi za mavoti 12, ndipo mawayilesi a m'shopu ndi a 12. Koma ma Canter, ma Dyna, ma Elf ndi mabasi a Rosa ambiri a dizilo ndi a mavoti 24. Mukaona mabatire awiri, pulasi ya lina italumikizidwa ku mayinasi ya linzake, dziwani kuti ndi 24, ndipo wayilesi ya 12 ikangolawa moto umenewo yapita. Pamafunika konveta yotsitsa 24 kufika pa 12, yotha kupereka ma amp 10 kapena kuposa. Madalaivala ena a ma Canter onyamula chimanga ndi mtedza amangokoka waya pa batire limodzi mwa awiriwo. Wayilesi imalira, koma batire limenelo limatsala m'mbuyo potchaja, linzake n'kumatchajidwa mopitirira, mapeto ake onse awiri amafa msanga. Mtengo wa mabatire awiri ndi wa konveta imodzi sizifanana n'komwe. Koma si galimoto iliyonse ya mabatire awiri imene ili ya 24: pali zina zimene analumikiza pulasi kwa pulasi, mayinasi kwa mayinasi, ndipo zimenezo ndi za 12. Mita ndiyo iweruze.

Kenako yezani dzenje la pa dashibodi. Muyeso wa mawayilesi a m'galimoto amautcha DIN. Wa single DIN ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 m'mwamba, wa double DIN ndi 180 kwa 100. Ma Toyota ambiri opangidwa cha m'ma 2000 kubwera kuno ali ndi dzenje lotambalala kufika mamilimita 200, ndiye mukaikamo wayilesi wamba pamatsala mpata wa mamilimita 10 mbali iliyonse, wofunika timapulasitiki totsekera. Ngati dzenje ndi lalikulu koma mwagula wayilesi yaing'ono, pansi pake mumaika kathumba kapulasitiki kosungiramo foni ndi ziphaso. Yezaninso kuya kwake, chifukwa m'galimoto zina zakale kumbuyo kuli mapaipi a mpweya pafupi kwambiri.

Pa kusankha, maganizo anga ndi akuti ya CD isiyeni. Fumbi la kuno limaphimba kadiso kowerengera CD, ndipo pamsewu wamabampu nyimbo imangodumpha. Yopanda CD, ya Bluetooth ndi fulashi, mulibe chilichonse chozungulira, ndi yaifupi kumbuyo, ndipo imasiya malo okwanira mawaya. Ngati galimoto imagona panja, yochotseka nkhope ndi yabwino. Zolemba za pa katoni zoti 50W x 4 zisakutengeni mtima. Imeneyo ndi mphamvu ya kamphindi, yeniyeni imene wayilesi yotere imatulutsa mosalekeza imakhala cha m'ma 20 pa sipika iliyonse kapena kucheperapo.

Ngati mukugula yogwirapo kale ntchito, onetsetsani kuti pulagi yake yakumbuyo ilipo pamodzi ndi mawaya ake, chifukwa pulagi ya Pioneer silowa pa Kenwood, ya Sony silowa pa JVC. Ndipo musachite manyazi kunena kuti, "Akulu, tandiyeserani kaye pa batire ndiimve." Ya mawaya odulidwa mothamanga, imene munthu akukuonetsani m'jumbo kuseri kwa depoti, mukudziwa kale kumene yachokera.

Chinthu china choti mufunse pa shopu pomwepo ndi hanesi ya galimoto yanu. Ndi kapulagi kolowa bwinobwino pa pulagi ya fakitale, mbali inayi kali ndi mawaya amitundu yofanana ndi ya wayilesi yatsopano. Ma Toyota ambiri kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali ndi mapulagi awiri, ya mapini 10 ndi ya mapini 6. Jambulani pulagi yanu ndi foni mukaonetse wogulitsa. Mukaipeza hanesi, theka la zimene ndalemba m'munsimu mungoliwerenga podziwa chabe. Mukapanda kuipeza m'Chipata, ndi bwino kutuma munthu wochokera ku Lusaka kapena ku Lilongwe kusiyana ndi kudula pulagi ya fakitale.

Zida zofunika si zambiri: mita yoyezera magetsi, sipanala ya 10, sikuludiraiva ya sitala ndi yafulati, pulaya, chowotcherera mawaya ndi soda yake (kachitsulo kosungunula polumikiza mawaya), timachubu tofota ndi moto, tepi yakuda, matayi apulasitiki, batire limodzi la tochi la AA, kansalu, ndi kachitini koponyamo masikuluwu. Tesita ya babu imathandiza, koma siingalowe m'malo mwa mita.

Kuchotsa yakale

Tulutsani kaseti kapena CD imene ili m'katimo moto usanazime. Kokani handibuleki. Ngati giya ikutchinga pulasitiki ya dashibodi, isuntheni tsopano, makamaka pa otomatiki pamene giya sichoka pa P kiyi atazima.

Masulani mayinasi ya batire ndi sipanala ya 10, muukankhire pambali wayawo kuti usabwerere wokha pamutu pa batire. Ndi mayinasi nthawi zonse. Mukayamba ndi pulasi, sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pamathetheka moto. Ngati galimoto ili ndi ma airbag, dikirani masekondi 90 kapena kuposa musanayambe kugwira kuseri kwa dashibodi, ndipo mtolo uliwonse wokutidwa ndi chachikasu kapena wa pulagi yachikasu ndi wa airbag. Umenewo osaukhudza ndi mita, osaukhudza ndi tesita.

Pulasitiki ya galimoto ya zaka 20 kapena 30 yapsa ndi dzuwa, imathyoka msanga. Musanayambe kukanula, funafunani masikuluwu obisika: kuseri kwa kabokosi ka phulusa la fodya, pansi pa mabatani a hita amene amazuka mukawakoka, m'kati mwa kathumba ka pansi. Kulungani nsonga ya sikuludiraiva yafulati ndi kansalu, mulowetse pakona, mukanule pang'onopang'ono kufikira kilipi imodzi italira, kenako yotsatira. Pakakanika penapake, pali sikuluwu imene simunaione. Kuseri kwa pulasitikiyo kumakhala mapulagi a hazadi, wotchi ndi choyatsira fodya. Dinani kakilipi kake pozula, osakoka mawaya.

Wayilesi imagwiridwa ndi masikuluwu anayi. Ikatuluka, zulani eriyo ndi mapulagi, ndipo jambulani chithunzi. M'mbali mwake muli mabulaketi awiri achitsulo. Amenewo musataye, ndi amene adzagwire yatsopano. Lembani lakumanja ndi lakumanzere musanawamasule.

Mawaya

Mbali ya wayilesi yatsopano ndi yosavuta, chifukwa makampani odziwika amatsata mitundu imodzi. Wachikasu ndi wa moto wosazima, wochokera ku batire, ndipo ndi umene umasunga wotchi ndi masiteshoni. Wofiira ndi wa kiyi, umalandira moto kiyi akafika pa ACC, malo oyamba pamene amaima mukamupotokola. Wakuda ndi ethi, kutanthauza mayinasi yolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Waolenji ndi wa magetsi a dashibodi, kuti wayilesi ichepetse kuwala usiku. Wabuluu ndi wa eriyo, wabuluu wa mzera woyera ndi wodzutsa ampulifaya. Otsalawo ndi a masipika, awiriawiri: oyera kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja. Pa awiri alionse, wa mzera wakuda ndi mayinasi. Mawayilesi otchipa opanda dzina nthawi zina amasokoneza mitunduyi, choncho werengani kapepala komata pamwamba pa wayilesiyo.

Tsopano taonani mbali ya galimoto. Pa ma Toyota ambiri a mapulagi awiri aja, waya wakuda si ethi, ndi pulasi ya sipika ya kumbuyo kumanzere. Wachikasu ndi mayinasi ya sipika yomweyo. Wofiira ndi pulasi ya sipika ya kumbuyo kumanja, mnzake ndi woyera. Moto wosazima uli pa wabuluu wa mzera wachikasu, wa kiyi ndi wotuwa, ethi ndi wabulawuni, wa magetsi a dashibodi ndi wobiriwira. Kutsogolo kumanzere ndi wapinki ndi wapepo, kutsogolo kumanja ndi wobiriwira motuwirako ndi wabuluu. Munthu wolumikiza mtundu kwa mtundu amatenga wotuwa wa wayilesi, umene ndi wotulutsa mawu, n'kuumangirira pa wotuwa wa galimoto umene uli ndi mavoti 12. Akangopotokola kiyi, moto umalowa chakumbuyo m'ka IC kokuzira mawu. Wayilesi yotero ikadzalumikizidwa bwino imayaka, nambala zimaoneka, koma siitulutsa mawu.

Mitundu ya Toyota imeneyi ndi yokuthandizani poyambira chabe. Galimoto yakale yadutsa m'manja ambiri, ndipo kawirikawiri mukatsegula mumapeza pulagi inadulidwa kale, patsala mtolo wa mawaya okulungidwa tepi, ena owonjezera a waya wa m'nyumba. Choncho waya uliwonse uyezedwe.

Tambasulani mawayawo kuti nsonga zake zisakhudzane kapena kukhudza chitsulo, kenako bwezerani mayinasi ya batire kwa kanthawi. Ikani mita pa DC 20. Chingwe chakuda cha mita chigwire chitsulo chopanda penti, monga bawuti la kuseri kwa dashibodi. Kiyi ali m'thumba, khudzani waya uliwonse ndi chingwe chofiira. Umene ukuonetsa 12 ndi kadontho, nthawi zambiri 12.4 mpaka 12.6 pa batire labwino, ndiwo moto wosazima. Umateni katepi, mulembe. Lowetsani kiyi, mupotokole kufika pa ACC, muyezenso otsalawo. Umene unali pa ziro koma tsopano wadzuka ndiwo wa kiyi. Zimitsani kiyi muone kuti wagwanso. Kenako yatsani magetsi a paki. Umene wadzuka tsopano ndi wa magetsi a dashibodi.

Waya wa magetsi umenewu ndi umene umapusitsa anthu ambiri, ngakhale amakanika. Magetsi akakhala ozima, mukauyeza umaoneka ngati ethi, chifukwa umafika ku chitsulo cha galimoto kudzera m'mababu. Munthu amalumikizapo waya wakuda wa wayilesi, wayilesi n'kuyaka, iye n'kutseka dashibodi mokondwa. Dzuwa likalowa, akangoyatsa magetsi wayilesi imazima, kapena fyuzi ya magetsi akumbuyo imapsa, galimoto n'kumayenda mumdima pa Great East Road popanda woona kumbuyo kwake. Ndiye chifukwa chake muyambe mwaupeza waya wa magetsi musanafune ethi.

Masulaninso batire. Ikani mita pa ma ohm kapena pamene imalira zingwe zake zikakhudzana. Chingwe china pa chitsulo, china pa waya umene mukuukayikira. Ethi yeniyeni imaonetsa pafupifupi ziro. Pa ma Nissan ambiri akale simuipeza n'komwe, chifukwa wayilesi ya fakitale inkatenga ethi kudzera m'mabulaketi ake. Zikatero pangani yanu: ikani kamphete kunsonga kwa waya wakuda, palani penti ndi dzimbiri pa chitsulo cholimba cha kuseri kwa dashibodi, mumange ndi bawuti. Ngakhale pa galimoto imene ili ndi waya wa ethi, ine ndimakonda kuwonjezera wina wa pa bawuti. Mavuto ambiri a phokoso amayambira pa ethi yofooka.

Ngati moto wosazima kapena wa kiyi sukupezeka, musathamangire kukoka waya watsopano. Onani mafyuzi. Pa Toyota, moto wosazima kawirikawiri umadutsa pa fyuzi yolembedwa DOME kapena RADIO, wa kiyi pa CIG kapena ACC. Ngati getsi la m'denga siliyaka kapena choyatsira fodya chinafa kale, mwina vuto ndi lomwelo.

Masipika

Mukapatula a moto, a magetsi ndi ethi, otsalawo ambiri ndi a masipika. Batire likadali lomasula, yezani awiriawiri ndi mita pa ma ohm. Awiri amene akuonetsa cha m'ma 4 ndi a sipika imodzi. Kuti mudziwe kuti ndi iti, tengani batire la tochi lija, waya wina pansi pake, wina muzikhudzitsa pamutu pake mwakanthawi. Mumva "phu, phu" kuchokera pa chitseko kapena kumbuyo. Mavoti 1.5 sangawononge sipika. Koma chitani zimenezi pa mawaya okhawo amene mita yakuuzani kale kuti ndi a sipika.

Ngati mungathe kuiona sipikayo, yang'anani pepala lake pamene mukukhudzitsa. Likatumphukira kunja, waya umene uli pa pulasi ya batire ndiwo pulasi ya sipika. Likalowa m'kati, mwatembenuza. Kutembenuza sikuwotcha kanthu, koma sipika ina ikamakankha mpweya inzake ikukoka, besi imasowa, nyimbo n'kumamveka yopyapyala.

Pali galimoto zina zakale kwambiri, ndi zina zimene anthu anaziwaya okha, zimene sipika iliyonse ili ndi waya umodzi wokha, mayinasi yake anangoimangirira pa chitsulo, kapena masipika awiri amagawana mayinasi imodzi. Mawayilesi akale ankalola zimenezo. Atsopanowa salola, chifukwa waya wa mzera wakuda uja nawonso umatulutsa mphamvu, si ethi ayi. Ukakhudza chitsulo, kapena mukaphatikiza wa kumanja ndi wa kumanzere, IC imatentha mpaka kupsa. Yezani waya uliwonse wa sipika ndi chitsulo cha galimoto. Mita ikalira, kokani mawaya atsopano awiri kuchoka pa wayilesi kukafika pa sipikayo.

Ngati galimoto ili ndi masipika awiri okha, mawaya anayi otsala muwatseke kunsonga, uliwonse pawokha. Ndipo musapachike masipika awiri pa mawaya a sipika imodzi: awiri a ma ohm 4 akakhala mbali ndi mbali amatsika kufika pa 2, wayilesi wamba siipirira. Ma Mark II ndi ma Crown ena anabwera ndi ampulifaya ya fakitale yobisika kwina, pulagi yake ndi yosiyana, ndipo batire la tochi silimveka pa sipika iliyonse. Imeneyo ipititseni kwa wamagetsi a galimoto akailambalale.

Kulumikiza

Ngati muli ndi hanesi, ntchito yonseyi ichitireni patebulo: hanesi mbali ina, pulagi ya wayilesi mbali ina, ndipo apa pokha ndi pamene mtundu umapita kwa mtundu unzake. Ngati mulibe, muchitira m'galimoto motsata timatepi munalemba tija, batire lili lomasula.

Sendani waya uliwonse pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Lowetsani kachubu kofota kaye, mukakankhire kutali ndi moto. Potani nsonga ziwirizo motsatana kuti waya ukhale wowongoka, tenthetsani mkuwawo ndi chowotcherera mpaka soda isungunukire m'kati mwa timawaya, osati kungodontheza pamwamba. Pakazizira, kokani pang'ono muone ngati pagwira, bweretsani kachubu, mukafotetse ndi laitala mukuyendetsa uku ndi uku. Magetsi akakhala atazima kwanu, gwiritsani makonekita opana ndi pulaya, nawonso amagwira bwino mukapana molimba.

Chimene sindikulangizani ndi kungopota ndi zala n'kukulunga tepi. Tsiku loyamba pamaoneka bwino. Koma m'kati mwa dashibodi mwezi wa Okutobala mumatentha kwambiri, tepi imanata ngati ulimbo n'kuyamba kumasuka, ndipo mukayenda kangapo m'misewu yafumbi ya ku Vubwi kapena ku Chadiza mfundo zimakhwefuka. Waya wa moto wosazima ukavula tepi n'kukhudza chitsulo, mwayi wanu ndi fyuzi. Ngati fyuziyo munthu wina anailowetsa kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndiye mtolo wonse umasungunuka. Fyuzi ya kumbuyo kwa wayilesi nthawi zambiri ndi ya ma amp 10, ikapsa ikani ina ya nambala yomweyo.

Anthu ena amaphatikiza wofiira ndi wachikasu pa moto wosazima kuti azimvera wayilesi popanda kiyi. A matakisi amakonda zimenezi podikira makasitomala ku Kapata. Vuto lake ndi loti wayilesi sigona kwenikweni, imangomwa batire usiku wonse, makamaka zija za sikirini, ndipo batire likakhala lokalamba m'mawa mufuna anyamata okankha. Ngati mukufunadi kumvera popanda kiyi, ikani kaswitchi pa waya wofiira, muzizimitsa potuluka.

Waya wabuluu musaunyalanyaze. Ngati eriyo ndi ija yotuluka yokha ndi mota, ndi umene umaidzutsa. Ngati eriyo ndi timizere ta pa galasi, pamakhala kabusita, kachipangizo kothandiza eriyo kukoka bwino, kofuna moto, ndipo kopanda waya umenewu mudzangokoka masiteshoni a m'tauni mokha, mukangopitirira Msekera ayamba kuthawa. Pulagi ya eriyo ya galimoto za ku Japan imalowa yokha pa mawayilesi ambiri. Ma Nissan ena ali ndi ya mapini awiri, galimoto za ku Ulaya zili ndi yakeyake, zonsezo zimafuna kaadaputa. Eriyo yothyoka kapena yadzimbiri patsinde isintheni, chifukwa wayilesi yatsopano siingakonze zimenezo.

Za sikirini zimabwera ndi mawaya ena owonjezera. Wa handibuleki umaletsa vidiyo galimoto ikamayenda. Ambiri amangoumangirira ku ethi kuti filimu izioneka nthawi zonse. Ine ndimati upite ku handibuleki kumene unayenera, misewu yathu ili ndi njinga zambiri zonyamula anthu ndi makala. Wa rivesi umapita ku waya wa getsi la rivesi ngati mwaika kamera. Maikolofoni ya Bluetooth muiike mbali ya dalaivala, pamwamba pa chiwongolero kapena pafupi ndi chotchingira dzuwa, kutali ndi potulukira mpweya. Kugwira foni m'manja mukuyendetsa ndi mlandu, a RTSA, bungwe loona za pamsewu, ndi apolisi apamsewu salekerera, ndiye kamaikolofoni kameneka kaikeni bwino kuti kazigwiradi ntchito.

Kuyesa ndi kutseka

Musamange kalikonse. Lowetsani mapulagi ndi eriyo, wayilesi ikhale pa kansalu pafupi ndi giya, mubwezere mayinasi ya batire. Kiyi pa ACC, iyake. Kiyi kuzima, izime. Sungani siteshoni imodzi, zimitsani, dikirani pang'ono, yatsaninso. Ikaiwala siteshoniyo ndiye kuti wofiira ndi wachikasu asinthana. Pa ma VW ndi ma Opel ena a pulagi ya ISO, mtundu wa pulagi wofala pa galimoto za ku Ulaya, zimenezi zimachitika ngakhale mutalumikiza bwino, chifukwa mapini awiriwo anawatembenuza ku fakitale, ndipo mahanesi ambiri ali ndi polumikizira pakati pa wofiira ndi wachikasu kuti muthe kuwasinthanitsa.

Pitani pa balance ndi fader, mutumize mawu ku sipika imodziimodzi, mumve ngati kumanja kulidi kumanja. Bweretsani pakati. Ngati besi imamveka bwino mawu ali mbali imodzi koma imachepa mukabweretsa pakati, sipika ina yatembenuzidwa. Yatsani magetsi a paki ndi akulu, muone kuti wayilesi sikuzima. Lizani injini, mita pa waya wachikasu ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.4. Pondani mafuta mutachepetsa voliyumu. Mukamva kamluzu kokwera ndi kutsika pamodzi ndi injini, ndi phokoso la alternator, makina otchaja batire, ndipo poyambira ndi pa ethi: palaninso chitsulo, mangitsani, fupikitsani wayayo.

Onaninso dera la dziko limene lasankhidwa m'kati mwa wayilesi. Za Android zambiri zimakulolani kusankha. Ikakhala pa Japan mwabwerera pa vuto lija la 76 mpaka 90. Ikakhala pa America imadumpha manambala, imangoima pa 88.1, 88.3, 88.5, n'kumaphonya masiteshoni othera pa nambala zinazo. Sankhani Europe.

Zonse zikakhala bwino, mangani mabulaketi akale aja m'mbali mwa wayilesi. Mawayilesi ambiri odziwika ali ndi mabowo olembedwa T ndi N, kutanthauza Toyota ndi Nissan. Gwiritsani masikuluwu amene anabwera m'katoni. Aatali kuposa mamilimita 8 amatha kuboola mpaka pa bolodi ya m'kati. Ngati galimoto ilibe mabulaketi, mumagwiritsa chikhola chachitsulo chobwera ndi wayilesi: chilowetseni m'dzenje, mupinde timano take kuti tigwire dashibodi, wayilesi ilowe mpaka italira. Timakiyi tiwiri tochotsera wayilesi m'chikholamo tisungeni m'galimoto.

Mangani mawaya ndi matayi akhale mtolo umodzi, muukankhire pansi kapena pambali, kutali ndi zingwe za hita zimene zimayenda mukasuntha mabatani. Kumbuyo kwa wayilesi kuli chitsulo chotaya kutentha, pamenepo pasagone waya. Wayilesi ikakana kulowa yonse musaikakamize, tulutsani muone chimene chapanika. Bwezerani mapulagi a hazadi ndi wotchi musanakhomere pulasitiki, muyese hazadiyo ndi ma indiketa, chifukwa pa galimoto zambiri ma indiketa sagwira pulagi ya hazadi ikakhala yozula. Injini ikamanjenjemera pang'ono poyamba musadabwe, kompyuta yake inaiwala zina pamene batire linali lomasula, imakhazikika mukayenda.

Amene mukufuna kudzawonjezera ampulifaya ndi wufa (sipika ya besi), imeneyo siitenga moto pa mawaya a wayilesi. Imafuna waya wake wonenepa wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi yake pasanathe masentimita 45 kuchoka pa batire, wodutsa pa rabala poboola kulowa m'kati, ndipo waya wa mawu uyende mbali ina ya galimoto, wa moto mbali inzake. Wabuluu wa mzera woyera uja ndi umene udzaidzutse, choncho usiyeni wautali, mungoutseka kunsonga.

Fulashi ikakana kuwerengedwa, kawirikawiri vuto si wayilesi. Mawayilesi ambiri amawerenga fulashi ya mtundu wa fomati wotchedwa FAT32 yokha, pamene mafulashi opitirira 32 GB amabwera ali pa exFAT. Koperani nyimbo pa kompyuta, muifomate fulashiyo pa FAT32, mubwezeremo nyimbo za MP3. Ndipo gulani kafulashi kakafupi: yaitali yotulukira kunja imagundidwa ndi bondo la pasinjala kapena dzanja posintha giya, ndipo chimene chimathyoka ndi chibowo cha USB cha pa wayilesi.